Malonda a Dzina Lobwereka: Zimene Zimawakuza ndi Zimene Zimawagwetsa

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, Mwini kupereka rizq, ndipo mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki wake Muhammad (S.A.W.), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, m'kope lino tati tikambirane nkhani imene imabuka kawirikawiri m'mabanja mwathu, makamaka pamene bambo alandira ndalama zawo zopumira pantchito ku fakitale ya fodya, kapena pamene mnyamata wabwerako ku Joni ali ndi kangachepe m'thumba. Banja likakhala pansi kuti lione chochita ndi ndalamazo, sipalephera kupezeka wina wonena kuti: "Bwanji tingolowa m'malonda a kampani yodziwika kale? Dzina lake lokhalo lizitigulitsira katundu."

Maganizo amenewa si opusa ayi. Wogula amathamangira chimene akuchidziwa, ndipo kumanga dzina lako kuchokera pansi kumadya zaka. Komabe aliyense woyenda m'misewu ya ku Area 25, Mgona, Kawale, Biwi, Chinsapo kapena Area 23 waonapo tinyumba ndi makontena opakidwa utoto wa makampani otchuka zili chitsekere, loko atachita dzimbiri. Chapafupi pomwepo wina wa dzina lomwelo ali kalikiliki kutumikira anthu. Dzina ndi limodzi, katundu ndi yemweyo, mtengo ndi womwewo. Nanga zatheka bwanji kuti wina aimirire pamene mnzake wagwa?

Yankho lathu mwachidule ndi ili: munthu wochita malonda pa dzina la eni ake amalamulira zinthu zochepa kwambiri. Mtengo amamuikira ndi ena, katundu amamubweretsera ndi ena, dzinalonso ndi la ena. Motero moyo wa bizinesi yake wagona pa zinthu ziwiri: kudziwiratu zimene zili m'manja mwa ena asanasaine pangano, ndi kugwiritsitsa zochepa zimene zatsala m'manja mwake.

KODI MALONDA AMENEWA NDI OTANI?

Pa Chingerezi amawatchula kuti franchise. Ife tingowatcha malonda a dzina lobwereka. Kampani imene ili ndi dzina lodziwika, katundu wakewake ndi njira yakeyake yochitira zinthu, imalola munthu wina kutsegula malo ogulitsira pa dzinalo. Munthuyo amaika ndalama zake, amalemba antchito ake, ndipo phindu kapena kuluza zimakhala zake. Kwa mwini dzina amapereka ndalama zolowera, kenaka gawo la zimene wagulitsa mwezi ndi mwezi, kapena amalonjeza kuti katundu yense azipikula kwa iyeyo basi. Amalonjezanso kutsata malamulo a kampaniyo, kuyambira utoto wa pakhoma mpaka yunifolomu ya wantchito.

Njira imeneyi si ya dzulo kapena dzana. M'chaka cha 1899 eni ake a Coca-Cola ku America anapereka kwa maloya awiri a mumzinda wa Chattanooga, Benjamin Thomas ndi Joseph Whitehead, ufulu wothira chakumwachi m'mabotolo. Kampani inkagulitsa madzi otsekemera a chinsinsi chake, ndipo anthu ena ndi amene ankamanga mafakitale ndi kugula mabotolo. M'chaka cha 1952 Harland Sanders anagwirizana ndi Pete Harman wa ku Salt Lake City kuti azikazinga nkhuku ndi zokometsera zake, n'kumamulipira kandalama pa nkhuku iliyonse. Kumeneko ndiko kuyamba kufalikira kwa KFC, imene inafika ngakhale kuno ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Nayenso Ray Kroc anatsegula McDonald's yake yoyamba mu 1955 pa dzina la anthu ena awiri apachibale.

Kwathu kuno malonda otere tingawagawe patatu. Pamwamba pali mafakitale, masitolo akuluakulu ndi malo odyera. Chitsanzo chimene tonse tinakula nacho ndi Southern Bottlers, imene tinkangoti SOBO, yomwe kwa zaka zambiri inkapanga Coca-Cola ndi Fanta ndi chilolezo cha eni ake. Pakati pali malo omwetsera mafuta a galimoto: chikwangwani chimalembedwa dzina la kampani monga Puma kapena TotalEnergies, koma pa malo ambiri woyendetsa amakhala munthu wamba amene anasaina pangano ndi kampaniyo. Pansi pali achibale ang'onoang'ono a malonda amenewa: maejenti a Airtel Money, imene inayamba mu 2012, a TNM Mpamba, imene inatsatira mu 2013, maejenti a mabanki, ndi opikulitsa zakumwa m'makontena. Mapangano awo ndi osiyanasiyana, koma onsewa amadyera pa dzina la wina, ndipo matenda amene amawagwira ndi amodzi.

KANENGO ALI NDI NYENGO ZAKE

Kanengo ndi malo abwino ophunzirirapo nkhaniyi, chifukwa ndi kumene katundu wambiri wa m'chigawo chapakati amachokera. Dera limeneli linapatulidwa kuti likhale la mafakitale pamene likulu la dziko linkasamutsidwa kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ntchito imene inatheka mu 1975. Kumeneku kuli msika wa fodya wa okushoni, makampani okonza fodya monga Limbe Leaf ndi Alliance One, nkhokwe zazikulu za chimanga cha boma, njanji, fakitale ya zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndiponso matanki osungiramo mafuta a bungwe la NOCMA. M'mawa uliwonse malole amatuluka m'mageti amenewa kukasiya katundu m'magolosale ndi m'maokala a m'madera onse a mzindawu.

Koma Kanengo ali ndi nyengo zake ngati munda. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, dera lonse limadzaza ndi alimi, madalaivala, onyamula mabelo ndi antchito olembedwa kwa miyezi yochepa. Ndalama zimazungulira ku Mgona ndi ku Area 25, ejenti sapuma, wa zakumwa amaitanitsa makireti mobwerezabwereza. Msika ukatsekedwa ndipo antchito aja akabwerera kumudzi, zinthu zimazilala. Januwale ndi Febuluwale amafika ndi chimanga chodula ndi fizi ya ana, ndipo anthu amayamba aganizira nsima asanaganize za Fanta. Amene anawerengera mphamvu ya bizinesi yake poyang'ana mwezi wa Juni, n'kutenga malo a lendi yodula, amadzagwira njakata mu Febuluwale. Phunziro loyamba ndi limeneli: bizinesi iyesedwe ndi mwezi wake woipitsitsa, osati wokoma.

ZIMENE ZILI M'MANJA MWA ENA

Choyamba ndi mtengo. Mayi wogulitsa mandasi ake, ufa ukakwera, amakweza mtengo kapena kuchepetsa kukula kwa mandasiwo. Wa dzina lobwereka alibe ufulu umenewo. Mtengo wa petulo ndi dizilo amaulengeza ndi bungwe la MERA, ndipo kagawo ka woyendetsa malo pa lita iliyonse kamakhala koikidwiratu. Komishoni ya ejenti amaikonza ndi kampani ya lamya. Choncho phindu silichokera pa kukweza mtengo koma pa kuchuluka kwa zogulitsidwa.

Tiyerekeze, mwachitsanzo chabe, kuti lendi, malipiro a wantchito ndi thiransipoti za ejenti wina zimakwana K150,000 pamwezi, ndipo pa munthu aliyense amene wamuthandiza amapeza pafupifupi K150. Ndiye kuti ayenera kuthandiza anthu 1,000 pamwezi, kapena kuti anthu pafupifupi 40 tsiku lililonse logwira ntchito, asanaone tambala ya phindu. Masamu ngati amenewa ndi osavuta, koma ambiri timawachita titatsegula kale.

Chachiwiri ndi katundu. Pangano limati upikule kwa mwini dzina yekha. Nanga mwini dzinayo akasowa katundu? Dziko lathu lilibe doko, ndipo mafuta onse amachokera kunja kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Ndalama zakunja zikasowa, matanki amauma. Tonse tikukumbukira mizere ya magalimoto ya mu 2011 ndi 2012, ndiponso imene inabweranso mu 2022 ndi zaka zotsatira. Pa masiku otere woyendetsa malo omwetsera mafuta amalipirabe antchito, alonda ndi magetsi pamene mapampu ali chete. Iye sangapite kwina kukagula mafuta n'kuwathira m'matanki a kampani, chifukwa kutero n'kuswa pangano.

Chachitatu ndi mphamvu ya kwacha. Mu Meyi 2012 dola imodzi inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse, dola kuchoka pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Amene amalipira mwini dzina wa kunja ndi madola kapena marandi amapwetekedwa tsiku lomwelo. Koma ngakhale wa kontena sapulumuka. Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi mpamba wogula makireti 100, ndipo wagulitsa onse pa mtengo wakale. Pamene akukapikulanso wapeza mtengo wakwera ndi kota. Ndalama imene inkagula makireti 100 tsopano igula 80 okha. Palibe wamubera, ndalama zake zili zonse m'kachikwama, koma mpamba wake wachepa. Zikachitika kawiri kapena katatu, mashelefu amayamba kuoneka matabwa.

Chachinayi ndi magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linakhala kopitirira chaka magetsi akuzimazima kwa maola ambiri. Chakumwa chofunda sichigulika, nkhuku ya m'firiji ikasungunuka imatayidwa, ndipo jenereta imamwa phindu lonse.

Chachisanu, chimene ambiri sitichiganizira, ndi chakuti mwini dzina mwiniwakeyo angathe kusintha, kugulitsidwa kapena kugwa. Mu 2005 Total inagula malonda a Mobil m'dziko muno. M'zaka za 2010 ndi 2011 BP inagulitsa malo ake kwa Puma. Kampani ya lamya ya Celtel inasanduka Zain mu 2008, ndipo Zain inasanduka Airtel mu 2010. Mu 2016 kampani ya Castel ya ku France inagula Carlsberg Malawi pamodzi ndi SOBO, ndipo mu 2022 gawo la zakumwa zoziziritsa kukhosi linagulitsidwa kwa Coca-Cola Beverages Africa. Pa kusintha konseku, anthu ang'onoang'ono a kumapeto kwa mzere anangomva pa wailesi, kenaka n'kulandira utoto watsopano ndi malamulo atsopano.

Chitsanzo chowawa koposa ndi cha PTC. Masitolo amenewa, amene anayamba m'zaka za m'ma 1970, analipo pafupifupi pa boma lililonse, ndipo kunalibe Mmalawi wosawadziwa. Patsogolo pake PTC inatenganso chilolezo choyendetsa masitolo ena pa dzina la SPAR, dzina lochokera ku Netherlands lodziwika m'mayiko ambiri. Komabe ngongole zinaikulira. Mu 2022 Press Corporation inaigulitsa kwa kampani ya Tafika Holdings, ndipo pasanapite nthawi masitolo anatsekedwa, antchito ndi amene ankaperekera katundu kumeneko n'kutsala akudikira ndalama zawo. Maina awiri akuluakulu pa khomo limodzi sanathe kudzaza mashelefu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

ZIMENE ZILI M'MANJA MWATHU

Ngati zinthu zonsezi zimagwera aliyense mofanana, n'chifukwa chiyani ena amapulumuka? Apa ndi pamene tifike pa zochepa zija zimene Allah anazisiya m'manja mwathu.

Choyamba ndi mpamba woyendetsera ntchito. Ambiri timathera ndalama zonse pa kulowa: kumanga, kupaka utoto, kulipira chikole cha makireti ndi mabotolo. Tsiku lotsegulira limafika thumba lili mbee. Koma malonda amenewa amafuna ndalama yokhala pambali. Ejenti amene fuloti yake yatha amabweza anthu, ndipo munthu wobwezedwa kawiri sabweranso kachitatu. Amapita pa ambulera ya pafupi. Tikulangiza kuti munthu asatsegule ngati alibe ndalama yolipirira lendi ndi antchito kwa miyezi ingapo ngakhale malonda atavuta.

Chachiwiri ndi kusiyanitsa thumba la bizinesi ndi thumba la pakhomo. Apa ndi pamene mabanja athu ambiri amagwera. M'kabati ya ejenti mumakhala ndalama zambiri, koma zakezake ndi kakomishoni kokha. Ndalama ya ndiwo, ya maliro a kumudzi, ya nikah ya mphwake, ya zovala za Eid, zikamatuluka m'kabati momwemo, ndiye kuti banja likudya mbewu. Kuthandiza achibale ndi lamulo la chipembedzo chathu, ndipo sitikuletsa. Koma thandizolo lichokere pa malipiro amene mwini bizinesi wadziikira pamwezi, osati pa mpamba. Ndi bwino bambo ndi mayi agwirizane za chiwerengerocho poyambirira, ndipo abale auzidwe mwaulemu kuti katundu wa m'sitolo sakongozedwa. Mpamba ukatha, amene ankathandizidwa aja nawonso amasowa kolowera.

Chachitatu ndi malo. Malo abwino ndi amene anthu amadutsapo ndi ndalama m'manja: pa siteji ya maminibasi, pa geti la fakitale, pakhomo la msika. Koma malo abwino amaitananso ena. Kampani imapindula maejenti akachuluka, chifukwa kwa iyo ndalama ndi imodzimodzi kaya yadzera kwa uyu kapena kwa uyo. Kwa inu sizili choncho. Maambulera khumi pa siteji imodzi akugawana anthu amene kale ankathandizidwa ndi awiri. Musanatsegule, khalani pamalopo masiku angapo, m'mawa ndi madzulo, kumayambiriro kwa mwezi ndi pakati pa mwezi, muwerenge odutsa ndi ogula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachinayi ndi diso la mwini ndi chisamaliro cha antchito. Ena amaganiza kuti popeza kampani inakonza kale njira yonse, iwo angathe kuikapo mnyamata wa kumudzi n'kumangobwera Loweruka kudzatenga ndalama. Malonda a phindu laling'ono salola zimenezo. Kireti imodzi yosoweka kapena uthenga umodzi wachinyengo wa pa lamya ungafufute phindu la sabata yathunthu. Kuwerengera katundu ndi ndalama madzulo aliwonse, m'kabuku, ndiwo mpanda wa bizinesi. Ndiponso wantchito wolipidwa mochedwa kapena moperewera amayesedwa ndi ndalama zimene akugwira. Mtumiki (S.A.W.) anatiphunzitsa kulipira wantchito msanga, ndipo amene amatsata zimenezi amapeza kuti antchito ake amakhalitsa, amadziwa makasitomala ndi maina awo, ndipo sabwera ndi nkhani za ndalama zosowa.

Chachisanu ndi chilungamo. Katundu akasowa, mayesero amakula: kubisa makireti podikira kuti mtengo ukwere, kuthira mafuta m'zigubu za mavenda usiku pamene anthu agona pa mzere, kudula kandalama kapadera kwa gogo wosadziwa kuwerenga. Bungwe la MERA lakhala likutseka malo ena omwetsera mafuta kaamba ka mchitidwe wotere, ndipo kampani iliyonse ili ndi mphamvu yolanda dzina lake kwa amene akuliipitsa. Kwa Msilamu nkhaniyi ndi yoposa pamenepo. Surah Al-Mutaffifin ikuchenjeza mwamphamvu opungula miyeso, ndipo kubisa katundu wofunika pofuna kukweza mtengo n'koletsedwa m'Shariah. Dzina lobwereka ndi amana. Ndipo m'madera ngati Mgona, kumene aliyense amadziwa mnzake, mbiri ya munthu imayenda msanga kuposa lole ya kampani.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kukula modekha. Malo oyamba akayamba kuyenda, mtima umafuna achiwiri ndi achitatu nthawi yomweyo. Koma malo achiwiri amagawa mpamba pawiri, amagawanso diso la mwini pawiri. Amene akula bwino ndi amene amadikira kuti malo oyamba adutse nyengo ya fodya ndi nyengo ya njala osakongola, ndipo akhale ataphunzitsa munthu wokhulupirika woti akaime pa malo atsopanowo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

PANGANO LIWERENGEDWE

Pakati pa zimene zili m'manja mwa ena ndi zimene zili m'manja mwathu pali chikalata cha pangano. Chimalembedwa ndi maloya a kampani, m'Chingerezi chovuta, ndipo mwachibadwa chimateteza amene anachilemba. Ku South Africa, kumene malonda otere ndi ochuluka zedi, lamulo loteteza ogula la mu 2008, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, limalamula mwini dzina kupereka chikalata chofotokoza za kampani yake masiku 14 munthu asanasaine, ndipo wosainayo ali ndi masiku 10 ogwira ntchito oti angathe kubwerera m'mbuyo popanda chilango. Ife tingatengerepo nzeru podzipatsa tokha masiku otere. Tengani chikalatacho kunyumba, mupeze wodziwa malamulo akumasulireni ndime ndi ndime.

Mafunso oyenera kufunsa ndi awa. Kodi panganoli ndi la zaka zingati, ndipo likatha lidzapitirira motani? Kodi kampani ingaike munthu wina pafupi ndi ine? Katundu akasowa, ndani asenze zolipira? Mtengo ukasintha, katundu amene ndili naye kale aziwerengedwa bwanji? Firiji kapena pampu ikaonongeka, akonze ndani? Ndikafuna kusiya, chikole changa chidzabwezedwa liti? Ndikamwalira, kodi mkazi wanga ndi ana angapitirize? Funso lotsirizali ndi lofunika kwambiri kwa ife, chifukwa chuma cha masiye chimagawidwa motsata mirath, ndipo banja liyenera kudziwa chimene chili cha malemu ndi chimene chili cha kampani.

Musalekere pa chikalata chokha. Pitani kwa anthu awiri kapena atatu amene ali kale m'malondawo, ndipo koposa onse, funani amene anasiya. Wa kampani adzakuuzani za amene zikuwayendera. Wosiya ndi amene adzakuuzani kumene kuli dzenje. Safunsa anadya phula. Ndipo ngati kampani ikuchita zosemphana ndi malonda achilungamo, m'dziko muno muli bungwe la Competition and Fair Trading Commission lolandira madandaulo otere.

Tisaiwale kuti ndime yaitali koposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ndime 282 ya Surah Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Ngati abale awiri asonkherana mpamba, alembe gawo la aliyense ngakhale ali a bere limodzi. Mabanja ambiri adana osati chifukwa wina anali wakuba, koma chifukwa aliyense ankakumbukira pangano mosiyana.

NANGA CHIPEMBEDZO CHIKUTI BWANJI?

Ena amafunsa ngati n'zololedwa kulipira ndalama chifukwa cha dzina chabe, chinthu chosagwirika ndi manja. Mu Disembala 1988 bungwe la maulama a mayiko a Chisilamu loona za Fiqh, pa msonkhano wake wa ku Kuwait, linagamula kuti dzina la malonda ndi chizindikiro cha kampani ndi chuma chovomerezeka, chimene mwini wake angathe kuchigulitsa kapena kuchipereka kwa wina, malinga pasakhale chinyengo. Kuchita malonda ndi katundu wa munthu wina nakonso si kwachilendo kwa ife. Mtumiki (S.A.W.) asanalandire uneneri anapita ku Sham ndi katundu wa mayi Khadija (R.A.), ndipo chimene chinawakopa mayiwo chinali kukhulupirika kwake.

Choncho vuto silili pa njira ya malondayi koma pa zimene zili m'kati mwa pangano. Pali zinthu zinayi zoyenera kuziyang'anitsitsa. Choyamba, katundu: ngati pangano likukakamizani kugulitsa mowa kapena nyama ya nkhumba pamodzi ndi zina, limenelo si lanu. Chimodzimodzinso tinyumba ta juga ya mpira timene tafalikira m'madera mwathu. Komishoni yake ingaoneke yonona, koma ndi ndalama ya misozi ya mabanja a anzathu. Amene akufuna malo odyera aonetsetse kuti nyama yake ili ndi chiphaso cha halaal, monga chimene imapereka nthambi ya Halaal ya Muslim Association of Malawi, ndipo pangano limulole kukana katundu wopanda chiphasocho.

Chachiwiri, riba. Mapangano ena amaika chiwongola dzanja pa ndalama zochedwa kulipidwa, ndipo ambiri amalowa m'malondawa ndi ndalama ya katapira. Kuwonjezera pa kukhala haraam, katapira sagwirizana n'komwe ndi malonda a phindu lochepa chotere, chifukwa chiwongola dzanja chimathamanga kuposa komishoni. Ndi bwino kuyamba pang'ono ndi ndalama yosonkherana pa banja, mogawana phindu ndi kuluza, kusiyana ndi kuyamba mokula ndi ndalama yoyaka moto.

Chachitatu, nthawi ya Swala. Makampani ena amalamula maola otsegulira. Kambiranani poyambirira za Lachisanu masana, kuti inu ndi antchito anu achimuna muthe kupita ku Jumu'ah, ndiponso za mwezi wa Ramadhan ndi masiku a Eid. Zimene zakambidwa musanasaine sizivuta. Zimene zabuka pambuyo zimasanduka mlandu.

Chachinayi, Zakaat. Chaka chikatha, ngati chuma chafika pa nisaab, katundu wogulitsa amene ali wanu, ndalama za m'kabati ndi fuloti ya m'lamya zimawerengedwa, ndipo pamaperekedwa 2.5 pa 100 iliyonse. Zipangizo zogwirira ntchito ndi katundu amene ali wa kampani siziwerengedwa. Pa tsatanetsatane wa zimenezi, pitani kwa Sheikh wa pa mzikiti wanu ndi kabuku kanu ka masamu m'manja.

MAU OTSIRIZA

Abale ndi alongo, sitikunena kuti malonda a dzina lobwereka ndi oipa. Aphunzitsa ana, amanga nyumba ku Area 25 ndi ku Chinsapo, ndipo apatsa amayi ambiri amasiye podalira. Kwa munthu amene sanachitepo geni, ndi sukulu yabwino: amaphunzira ukhondo, kusunga mabuku ndi kulandira makasitomala kuchokera kwa amene anayamba kale. Chimene tikukana ndi maganizo akuti dzina lidzagwira ntchito m'malo mwa munthu. Dzina limabweretsa wogula pakhomo kamodzi. Kuti abwerenso mawa, zimatengera ngati wapeza katundu, ngati walandiridwa ndi nkhope yowala, ndiponso ngati chenji yake yabwezedwa yonse.

Tsono banja limene lili ndi ndalama m'manja lero lisapupulume. Liwerenge pangano, lifunse amene anadutsamo, liyese masamu ake ndi mwezi wa Febuluwale, lisunge mpamba pambali, liswali Istikhara, kenaka liyadzamire kwa Allah. Tikupempha Allah kuti aike baraka m'malonda a halaal a abale athu onse, ateteze mabanja athu ku ngongole ndi ku riba, ndipo atipatse mitima yokhutira ndi zimene watigawira. Ameen.